Miyezi Yochepa ya a Makwinja

A Lucius Makwinja anafika ku Chisenga m'chaka cha 1969 atakwera kumbuyo kwa lole ya boma, fumbi lili mbuu m'nsidze. Anali ndi akazi awo a Phyllis, khanda lalikazi dzina lake Emelda, ndi mathiranki awiri achitsulo. Kwawo kunali ku Chiradzulu. Ntchito yawo inali yoona odwala pa zipatala zazing'ono, ndipo anthu ankangowatchula kuti adokotala.

Sanabwere mwa kufuna kwawo. Pachipatala chimene ankagwirapo kummwera panafika tcheyamani wina wa chipani, dzino likumupweteka, n'kudutsa mzere wonse wa amayi amene anabereka ana odwala kumsana. A Makwinja, amene masiku amenewo anali ndi magazi otentha, anamuuza kuti adikire ngati anzake. Mlandu wonse unali womwewo. Sabata isanathe, mkulu wa chipatalacho, bambo wachifundo ndithu, anawaitanira muofesi n'kutseka chitseko.

"Makwinja, dzina lako lamveka kumene siliyenera kumveka. Ndikukutumiza ku Chitipa, kumene munthu sangakutsatire. Ukakhale phee kwa miyezi yochepa. Mphepo ikadutsa ndidzakuitanitsa ndine. Usakalembe makalata, usakafunse munthu. Ukangodikira."

Mawu amenewo a Makwinja anawasunga ngati mmene munthu amasungira khala la moto m'nyengo ya mvula. Anapatsidwa nyumba ya boma ya zipinda ziwiri kuseri kwa chipatala, koma sanakhomemo ngakhale msomali umodzi. Mbale zadothi za pa ukwati wawo zinakhala m'thiranki, zokutidwa m'manyuzipepala. Mipando anakana kugula. Ankakhalira mabokosi a mankhwala. Mlimi wina wa kutsidya kwa mtsinje, a Yakobo Mugala, atachira chilonda cha nkhwangwa chimene chikanawadulitsa mwendo, anabwera ndi thole la ng'ombe pachingwe kudzathokoza.

"Ng'ombe siikwera basi, a Mugala," anatero a Makwinja akuseka. "Ife pano ndife alendo, ndipo mlendo ndi mame."

Pantchito anali munthu wabwino, wosakalipa, wosathamanga. Anthu a ku Chisenga ankawatama chifukwa cha kudekha kwawo, osadziwa kuti kudekhako kunali kwa munthu amene wakhala pa siteji kudikira galimoto. Landirova ikamveka kumsewu ankakonza kolala ya malaya n'kusuzumira pawindo. Ikadutsa ankabwerera kwa wodwala wawo n'kunena chamumtima kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwawo anapitako kamodzi kokha, pa maliro a mayi awo, ndipo anangogona usiku umodzi n'kubwerera mozemba, kuopa kuti tcheyamani uja angamve. Kuyambira pamenepo tchuthi chikakwana ankati, "Tivutikirenji ndi ulendo wautali chonchi, pamene boma litinyamula lokha posachedwa?"

Masiku a pachipatala ankafanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Mvula ikagwa, malungo. Chisanu cha ku mapiri a Mafinga chikatsika, chifuwa. Nthawi yoswa mphanje, zilonda. Popeza ankafanana choncho, masikuwo sankaunjikana m'mutu mwa a Makwinja. Akanafunsidwa chaka akanayankha bwinobwino, poti ankachilemba tsiku lililonse pa makadi a odwala, koma mumtima mwawo lole ija inali itawatsitsa dzana.

Loweruka lina masana, m'mwezi wa Julaye 1990, a Makwinja ali kuothera dzuwa pakhonde, kunatulukira a Yakobo Mugala ndi abambo ena awiri. Onse anavala majekete. Sanalowere kuchipatala ayi, analunjika kunyumba, n'kukhala pa mphasa imene a Phyllis anayala mofulumira ngati ankadziwa kale za kubwera kwawo.

"Monire, adada."

"Yewo, a Mugala. Wadwala ndani?"

"Palibe wodwala, adokotala," anayankha a Yakobo m'Chichewa chawo chokoka ngati Chitumbuka. "Ine lero ndabwera ngati thenga, amene kwanu mumati nkhoswe. Andituma a kwa Kaonga. Mnyamata wawo Wallace, mphunzitsi uja wa pa pulayimale, waona msoti pakhomo pano."

"Za nkhuku funsani amayiwa. Ine sindidziwa n'komwe kuti tili nazo zingati."

Abambo aja anayang'anana, wina n'kubisa kuseka m'chipewa.

"Tikunena Emelda, adada. Akufuna kumulowola."

 A Makwinja anayang'ana a Yakobo, n'kuyang'ana akazi awo amene anali atagwada pambali, maso ali pansi.

"Emelda wake uti?"

"Mwana wanu."

"Mwana wa dzulodzuloyu? A Mugala, ndinu munthu wamkulu. Mungabwere ndi majekete kudzafunsira khanda?"

Anaitana mokweza kuti Emelda abwere, alendowo aone okha manyazi awo. Makina osokera amene ankalira m'nyumba anasiya. Panatuluka mayi wamtali, wovala chitenje ndi duku, n'kugwada chapatali, n'kupereka moni kwa alendo m'Chitumbuka chosalala ngati wobadwira m'mudzi mwa a Mugala. A Makwinja ankadya naye tsiku ndi tsiku mwana ameneyu, koma tsiku limenelo anamuona ndi maso a alendo aja. Nkhope imene inali patsogolo pawo inali ya Phyllis, monga analili tsiku lokwera lole. 

Anagwira mawu oyamba amene anawapeza.

"Kwathu mwana ndi wa amalume ake. Ine sindingayankhe kanthu. Ndiponso ife tikubwerera kwathu posachedwa, akakwatiwa komweko."

"Tamva, adada," anatero a Yakobo mwaulemu. "Tidikira." Anadzuka, natsanzika, nadutsa m'kanjira ka kumtsinje osayankhulana.

Alendo atangobisika, a Phyllis anapinda mphasa n'kuima nayo m'manja.

"Bambo a Emelda, amalume ake ati amene mukunenawo? Achimwene anga si tinaika kale? Ndinapita ndekha pa basi. Inu munati simungachoke, uthenga ungabwere muli kulibe."

"Ndikudziwa. Zija za chaka chathachi."

"Chaka chatha? Emelda anali mu Sitandade 6."

 Chakudya cha tsiku limenelo a Makwinja anangochigwiragwira.

Lolemba anachita chimene anauzidwa kuti asadzachite. Anakwera galimoto yobweretsa katemera n'kupita ku Boma kukafunsa. Muofesi ya zaumoyo anapezamo mnyamata wa tayi, a Rodwell Dzimbiri, wochokera ku Ntcheu, amene anadzuka msanga n'kuwakokera mpando ngati akulandira agogo ake. A Makwinja anayang'ana chithunzi cha Pulezidenti pakhoma, anayang'ana kuchitseko, kenako anafotokoza nkhani yawo yonse monong'ona. Anatchula dzina la mkulu wa chipatala uja.

"Dzina limenelo ndinalimvapo," anatero a Dzimbiri. "Koma bambo amenewo anamwalira ine ndili ku sekondale."

"Anamwalira?"

"Kalekale, bambo."

"Nanga sanasiye mawu? Anati adzandiitanitsa."

A Dzimbiri anawayang'ana mwachisoni. "Kuno palibe amene akudziwa kuti munabwera mongoyembekezera. Ife timangodziwa kuti Chisenga ndi a Makwinja, a Makwinja ndi Chisenga. Kunena zoona, ine ndimayesa mwabwerera za kupuma."

"Kupuma kwa tchuthi?"

"Kupuma pantchito, bambo. Disembala akubwerayu mukwanitsa zaka zake. Nyumba ija mudzatulukamo, kukubwera wina wachinyamata. Lole yokutengerani kwanu boma lidzapereka."

A Makwinja sanakumbuke mmene anatulukira muofesimo. Anangopezeka ali chiimire pamsewu wafumbi wopita ku Lufita, njinga zikuwalambalala. Wapolisi wina wa mimba yake, wa ndevu za pamlomo, anawagwira mkono ndi manja awiri.

"Adokotala! Simukundizindikira? Ndine uja munandimanga mkono nditagwa mumtengo wa masuku. Mayi anga anachita kundibereka kumsana. Pano ndili ndi ana anayi."

Iwo anagwedeza mutu, namwetulira mmene akanathera. Kamwana kaja ankakakumbukira bwino, ndi mamina ake omwe. Chimene chinawakanika ndi kukalowetsa m'thupi la bambo ameneyu.

Pobwerera, galimoto ikudumpha m'mabampu, mtima wawo unayamba kudzitonthoza. Chabwino, lole ikubwera ndithu, ngakhale yachedwa. Kwawo kuli malo a m'mbali mwa msewu amene amalume awo anawapatsa, pamene anayala maziko a nyumba ndi golosale asanachoke. Akangopitiriza pamene anasiyira. Atafika anaitana akazi awo mokondwa.

"Mayi a Emelda, zatheka. Disembala tikupita kwathu. Yambani kulongedza."

"Tilongedza chiyani, poti sitinamasule?" anatero a Phyllis. Anapukuta manja pa chitenje n'kukhala pa bokosi moyang'anana nawo. "Bambo, ine sindipita."

"Mwati bwanji?"

"Ndati sindipita. Mawa m'mawa, odwala asanachuluke, mundiperekeze. Pali chimene ndikufuna muone."

Kutacha anatsika limodzi, nawoloka mtsinje pa miyala, nakwera kanjira ka pakati pa minda ya mawere. A Makwinja ankaidziwa njirayo, ankadutsamo pa njinga popita ku sikelo ya ana kumidzi. Anafika pa nyumba ina ya njerwa zootcha, yofolera malata, ya mawindo obiriwira. Kumbuyo kwake kunali nthochi zambirimbiri, nkhokwe ziwiri, ndi mitengo ya mapeyala yaitali kuposa denga. Pansi pa umodzi mwa mitengoyo iwo anabisalapo mvula kangapo.

A Phyllis anamasula kiyi pa mfundo ya chitenje n'kutsegula chitseko.

"Kodi eni ake anakusiyirani kiyi?"

"Eni ake ndife."

A Makwinja anagwira chimango cha chitseko. "Musandiseweretse, mayi."

"Malo awa anandipatsa a Mugala ndi abale awo, Emelda asanayambe sukulu. Ndinakuuzani. Munati, 'Limani ndiwo zanuzo, bola musazolowere.' Nditadzala mapeyala ndinakuuzani, munati adzadya ndi anyani. Njerwa tinaumba ndi amayi a mvano, ndinakuuzani. Malata ndinagula limodzilimodzi ndi nyemba zimene ndinkagulitsa kwa anthu a ku Zambia, ndiponso ndi kusoka kwa Emelda. Tsiku lofolera ndinakupemphani kuti mubwere. Munati mwamva kulira kwa galimoto."

Iwo anafufuza m'mutu, ndipo mawu onsewo anawapezamo, ali apo ndi apo ngati zinthu zimene munthu waponya kuseri kwa chitseko kuti adzaziona mawa. Sanabisiridwe kanthu. Analowa m'nyumbamo ngati wakuba. Munali mipando inayi ya mlombwa, tebulo, kabati yopanda kanthu. Pakhoma panali misomali, ndipo pa msomali wina panapachikidwa chithunzi cha ukwati wawo chimene iwo ankayesa kuti chili m'thiranki.

"Mwachita zonsezi osandidikira?"

"Ndinakudikirani, bambo. Koma ine ndinkadikira ndi khasu m'manja. Tiyeni, sitinathe."

Anawatsogolera kuseri kwa nthochi, kukwera pang'ono, mpaka pa nkhalango ya manda a banja la a Mugala. M'mphepete mwake munali kamtumbira kakang'ono kozunguliridwa ndi miyala yoyera, kolambulidwa bwino. Apa a Makwinja sanafunse. Anali Safeli, mwana wawo wachiwiri, amene anabadwira ku Chisenga n'kumwalira ndi chikuku atangoyamba kuyankhula. Pa tsiku la maliro iwo anauza anthu kuti akungomusungitsa, adzamutenga popita kwawo. Chiyambire tsiku limenelo sanapondepo.

"Akanakhala ndi moyo bwenzi pano akumeta ndevu," anatero a Phyllis. "Mwati ndikwere lole ndimusiye ndi yani? Kumene mukuti kwathuko ndikapeza ndani? Mayi anapita, achimwene anapita. Anthu amene ananditonthoza pa mwana uyu ali kuno. Emelda mtima wake uli kuno. Inu mukafuna pitani mukaone, sindikukanizani. Mukapeza kuti kulipo kwathu, mudzandiuze."

Mawu amenewo anawapweteka kuposa nyumba ija. Mwezi wa Ogasiti anatenga tchuthi, chimene anali asanatenge zaka zambiri, n'kunyamuka okha ndi kachikwama. Lole mpaka ku Karonga, basi mpaka ku Mzuzu, ina mpaka ku Lilongwe. Mzinda wa Lilongwe sanauzindikire. Pa zipata za apolisi ankatulutsa khadi la chipani mwamantha, koma palibe amene anayang'ana dzina lawo kawiri.

Atatsika basi kwawo anaima pamsewu kufunafuna mtengo wa mkuyu umene unali chizindikiro cha malo awo. Kunalibe. Nyumba zinali zitathithikana mpaka m'munsi mwa phiri, minda yatsala timizeretimizere. Pamene anayala maziko panali chigayo, chikulira, amayi ali pamzere ndi madengu awo. Anazungulira kuseri n'kuona kuti khoma la chigayocho lakhala pa miyala yomwe ija anaisenza okha ndi wilibala.

Mwini chigayo anatuluka ufa uli mbuu m'tsitsi. Anali Mackson, mwana wa mlongo wawo, amene anamusiya akusewera mpira wachikulunga.

"Mukufuna ndani, madala?"

"Ndine Lucius. Amalume ako."

Mackson anabwerera m'mbuyo pang'ono. "Amalume a ku Chitipa? Ife timayesa munakhazikika komweko! Agogo, amalume anu aja, asanamwalire anati malowa asagone, ndiye anandipatsa ine." Sananene mwamwano. Anawalandira chikwama, nawatengera kunyumba, natuma mwana kukatunga madzi akumwa. A Makwinja atalandira kapu anati, "Yewo, tawonga." Ana onse pabwalo anaphulika kuseka, n'kumabwereza mawuwo akuthamangitsana. Pofika madzulo mudzi wonse unkawatchula kuti agogo Achitumbuka. Iwo anadabwa, chifukwa zaka zonsezi ankadziona ngati munthu amene anakana kuphunzira chiyankhulo cha eni dera.

Mlongo wawo, a Ruth, anali atakhala pa mkeka kuseri kwa nyumba, maso atachita ng'ala. Anawapapasa kumaso ndi kumutu.

"Lusiyasi wanga anali ndi tsitsi," anatero, kenako analira. Atatonthola anafunsa, "Unatitayiranji, mchimwene? Tinakulakwira chiyani?"

A Makwinja anasendera pafupi n'kunong'ona dzina la tcheyamani uja. "Ndimaopa ameneyo, alongo. Ndimadikira kuti aiwale."

A Ruth anatembenuzira khutu kwa iwo ngati sanamve bwino. "Ameneyo? Wa nzimbe uja?"

"Wa nzimbe?"

"Iii, mchimwene! Patangopita zaka ziwiri chiikireni mayi, anzake omwe a chipani anamunenera. Inabwera Landirova n'kumutenga. Anakhalako nthawi yaitali kumene anapitako, pobwera anali munthu wina. Mkazi anamuthawa. Pano amagulitsa nzimbe pamsika. Ukadzuka upite ukamuone."

Kutacha anapita. Msika unali wodzaza, mawailesi akulira, anyamata a chipani ataima pachipata kuona makadi. Kumapeto, pafupi ndi dzala, panakhala nkhalamba yovala jekete long'ambika m'zigongono, nzimbe zingapo zili pa thumba patsogolo pake. A Makwinja anaizindikira ndi chipsera cha pachipumi. Munthu amene ankalowa m'chipatala anthu n'kuimirira, amene mawu ake ankawamva m'tulo ku Chisenga, anali atatsala kamunthu kochepa, m'kamwa mulibe dzino ndi limodzi lomwe.

Anaima patsogolo pake nthawi yaitali. Nkhalambayo inakweza maso.

"Mugula, bwana? N'zotsekemera, za kudimba."

"Mukundikumbukira? Ndine Makwinja. Ndinali kuchipatala."

"Makwinja... wa kwa yani?"

"Munabwera ndi dzino. Ndinakuuzani kuti mudikire pamzere."

Nkhalamba ija inaganiza moona mtima, ikukanda chibwano. Inkafunadi kukumbuka kuti isakhumudwitse wogula.

"Pepani bwana. Mizere ndaimapo yambiri. Munandizula bwino?"

"Sindinakuzuleni. Ananditumiza ku Chitipa."

"Ku Chitipa! Kutali kumeneko. Amati kumazizira." Inasankha nzimbe yonenepa n'kuwapatsa. "Tengani iyi, mukadye ndi ana."

 A Makwinja anakhala pansi pa mwala pambali pa nkhalambayo, nzimbe ili m'manja. Ankayembekeza kuti akwiya, koma mkwiyo sunabwere. Panalibe woti n'kumukwiyira. Anayamba kuwerenga zimene anakana chifukwa cha munthu ameneyu: maliro a mlamu wawo, maphunziro owonjezera amene anzawo anapitako, ukalamba wa mlongo wawo, manda a mwana wawo. Anasiyira panjira chifukwa mutu unayamba kuzungulira. Anthu odutsa ankangoona madala awiri akugulitsa nzimbe, ndipo mayi wina anafunsa a Makwinja mtengo wake.

Anakhala kwa Mackson sabata imodzi. Anawasamala bwino, koma ankaona okha kuti akugona pa mphasa ya ana ndipo anawo akugona kukhitchini. Mackson anati akafuna atha kuwapezera kamalo kuseri kwa chigayo, pokwana chipinda chimodzi. Anathokoza. Analonjeza a Ruth kuti Phyllis ndi Emelda adzabwera kudzawaona Khirisimasi isanafike, ndipo ulendo uno anatchula tsiku lenileni, n'kuuza Mackson kuti alisunge.

Anafika ku Chisenga masana, ali mbuu ngati tsiku loyamba lija. Kunyumba ya boma kunali kotseka. Anawoloka mtsinje n'kupeza a Phyllis akupuntha nyemba pabwalo la nyumba ya njerwa. Mayiwo anaika ndodo pansi, nawalandira chikwama, osafunsa kanthu. A Makwinja anakhala pa mpando wa mlombwa, namwa madzi, nayang'ana kudenga.

"Mukatume munthu kwa a Mugala," anatero potsiriza. "Muwauze kuti abwere ndi anzawo aja. Ndipo Emelda abwere kaye, ndimufunse ndekha ngati mnyamatayo akumufuna."

Emelda anati akumufuna, ndipo anaulula kuti Wallace anamudikira zaka zitatu chifukwa iye ankaopa kuwauza bambo ake. Zokambirana zinayenda bwino. A Makwinja poyamba anakana ng'ombe, amvekere kwawo mwana sagulitsa, koma a Yakobo anawafotokozera kuti kuno ng'ombe si mtengo wa munthu, ndi chingwe chomanga mabanja awiri, ndipo kuzikana n'kunyoza a kwa Kaonga. Anavomera. Pamenepo mmodzi mwa abambo aja anafunsa kuti ng'ombezo zidzafikira kuti, poti pakhomopo panalibe khola.

Loweruka lotsatira Wallace anabwera ndi nkhwangwa kudzathandiza apongozi ake. Anali mnyamata wachangu, wofuna kuti zinthu zithe ukwati uchitike mvula isanagwe. Analoza timitengo ta bulugamu ta m'mphepete mwa munda.

"Tidule iyi, adada. Pofika madzulo khola laima."

"Ikhala nthawi yaitali bwanji?"

"Mvula ziwiri, mwina zitatu. Chiswe chikadya tidzadula ina."

A Yakobo, amene anabwera kudzaonerera atatsamira ndodo, anati akale ankamangira muwanga. Ulipo m'thengo la banja lawo, kufupi ndi phiri, koma ndi kutali, ndi wolemera, ndipo umabunthitsa nkhwangwa. Pamafunika ngolo ndi maulendo angapo.

"Nanga umenewo umakhala nthawi yaitali bwanji?" anafunsa a Makwinja.

"Khola la bambo anga likadalipo. Ine ndinalipeza."

"Tikadule umenewo."

Wallace anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga masiku otsala kuti mvula igwe. Ntchitoyo inawatengera mwezi wonse wa Seputembala ndi theka la Okutobala, Loweruka lililonse. Manja a a Makwinja, amene ankangodziwa jakisoni ndi bandeji, anatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika, ndipo Emelda ndi amene ankawamanga madzulo akuwaseka. Tsiku lina mtengo unawagwera paphazi, nayenda motsimphina sabata ziwiri. Pokumba maenje ankapitirira muyeso, mpaka Wallace ankachita kuwalanda chitsulo chokumbira.

Ng'ombe zinalowa m'kholamo mvula yoyamba itagwa kale, ndipo ukwati unadikira mpaka anthu atakolola. Wallace anang'ung'udza pang'ono, kenako anazolowera. Lole ya boma itabwera mu Disembala, dalaivala anadabwa kumva kuti ulendo wake wonse ndi wongozungulira pa mlatho kukatsitsa katundu kutsidya kwa mtsinje, ndipo anapempha kuti amusainire kuti si iye wakana kupita ku Chiradzulu.